Kalembedwe ka khadi la ukwati: mayina, mawu oitanira ndi zoti muonetsetse musanasindikize

Anthu akagulitsa mtedza, soya ndi fodya, Loweruka lililonse kuno ku Mchinji limakhala ndi ukwati wake, kuyambira cha mu Ogasiti mpaka mitambo itayamba kuda mu Novembala. Ndi nyengo yomweyinso imene makhadi olakwika amachuluka, poti aliyense amafika kwa wosindikiza ali pa liwiro. Zolakwika zambiri sizichokera m'makina. Zimabwera kale pa kapepala kamene komiti yatumiza, kapena mu uthenga wa pa foni umene wina analemba ali pa kabaza.

Khadi la ukwati ndi pakamwa pa mabanja awiri. Maluwa, mtundu wa pepala ndi chithunzi, zimenezo asankhe okha mkwati ndi mkwatibwi, palibe adzawafunse. Koma mawu olembedwa pamenepo amawayankha ndi makolo, atsibweni ndi ankhoswe. Dzina la munthu likasiyidwa, kapena mudzi ukalembedwa wina, amene amakagwada kukapepesa ndi ankhoswe. Ntchito yolemba khadi iyambire kwa iwowo.

Tsiku likhazikike kaye

Musalembe liwu ngakhale limodzi zinthu zitatu zisanatheke: ankhoswe a mbali zonse anena kuti zawo zatha, abusa kapena ansembe alemba tsikulo m'buku lawo, ndipo mwini holo kapena bwalo walandira ndalama yogwirira malo n'kupereka lisiti. Lonjezo la pakamwa lakuti "tsikulo ndi lanu" musalidalire mu Seputembala ndi Okutobala, pamene mabanja angapo amalimbirana holo imodzi.

Mipingo yambiri imalengeza mayina a ofuna kukwatirana masabata atatu otsatizana, kuti wodziwa choletsa anene. Wokamangitsa ukwati ku ofesi ya boma, chidziwitso chake chimapachikidwa masiku 21. Mukhoza kukonza mawu a khadi pamene zimenezi zikuchitika, koma funsani a mpingo ngati akulola kuti mugawe kulengeza kusanathe.

Yang'ananinso kalendala ya kwathu kuno. Loweruka lomaliza la Ogasiti ndi la Kulamba ku Mkaika, ku Katete, ndipo mafumu achichewa ndi anthu awo amakhala awoloka malire. Loweruka lomaliza la Febuluwale ndi la Ncwala ku Mtenguleni pafupi ndi Chipata, kumene Angoni amapita. Ngati mukufuna mfumu yanu idzakhale pa mpando wa kutsogolo, masiku awiriwa alambalaleni. A mpingo wa Seventh-day Adventist samanga ukwati Loweruka, choncho ngati banja lina ndi la mpingowo, nkhani ya tsiku ikambidwe poyambirira penipeni.

Woitana ndi ndani?

Apa ndi pamene pagona ntchito yaikulu, ndipo pamafunika kudekha. Mzere woyamba wa khadi umatchula oitana. Mwa chizolowezi timatchula mabanja onse awiri, lililonse ndi mudzi wake, mfumu yaikulu yake ndi boma lake:

Banja la Bambo ndi Mayi Uje, a m'mudzi mwa Uje, T/A Mkanda, Mchinji
pamodzi ndi
banja la Bambo ndi Mayi Ujeni, a m'mudzi mwa Ujeni, T/A Kaomba, Kasungu

Mudzi ndi T/A si zokongoletsa. A Phiri, a Banda, a Mwale ndi a Zulu alipo m'mudzi uliwonse, ndipo wolandira khadi amazindikira kuti ndi a Phiri ati akaona kwawo. Makolo amene akukhala ku Lilongwe kapena pa Boma chifukwa cha ntchito alembedwe mudzi wa kwawo, ndipo ngati malo alipo muwonjezere kumene akukhala pano.

Pa nkhani ya mudzi pali msampha. Kwa Achewa mwana ndi wa kuchikazi, kwawo ndi kwa amayi ake. Kwa mabanja ambiri achingoni kwawo kwa mwana ndi kwa atate ake. Mwana wa bambo wachingoni wa kwa Mlonyeni ndi mayi wachichewa wa kwa Mavwere ali ndi midzi iwiri imene ingathe kunena kuti ndi wawo. Musasankhe nokha pa kompyuta. Funsani ankhoswe ndi mwini mbumba, ndipo ngati onse akufuna kutchulidwa, lembani midzi yonse iwiri. Mzere umodzi wowonjezera sudula ndalama, koma kusiya mudzi wina kumakumbukiridwa mpaka pa maliro.

Banja liti liyambe, la kuchimuna kapena la kuchikazi? Palibe lamulo limene onse amatsata. Chofunika n'chakuti mabanja agwirizane, kenako dongosololo lisasinthe: mukayamba ndi banja la mkwati, dzina la mkwati liyambenso pansipo. Mukasokoneza, wowerenga amene sakuwadziwa bwino amapereka mwana kwa makolo ena.

Si mabanja onse ali ndi "Bambo ndi Mayi". Nazi njira zolembera zimene sizipweteka munthu.

Kholo limodzi likakhala kuti linamwalira, kumbukirani kuti womwalira saitana anthu. Kulemba kuti "Malemu Bambo Uje ndi Mayi Uje akukuitanani" kumamveka kwachilendo, ngakhale timakuona kawirikawiri. Lembani kuti "Mayi Uje ndi banja lonse la malemu Bambo Uje". Onse awiri akakhala kuti anatisiya, oitana akhale amene analera mwanayo kapena mwini mbumba, ndipo makolo atchulidwe pansi pa dzina la mwana: "mwana wa malemu Bambo ndi Mayi Uje".

Makolo amene banja lawo linatha asaphatikizidwe ngati kuti akali limodzi, makamaka ngati wina anakwatiranso kapena kukwatiwanso. Aliyense akhale ndi mzere wake: "Bambo Uje" pamwamba, "Mayi Ujeni" pansi. Ngati ngakhale zimenezi zikubweretsa mkangano, tulukirani pa khomo lalikulu: "Banja la a Uje ndi banja la a Ujeni". Mawu akuti "banja la" amakwanira onse, ndipo palibe angadandaule kuti watsalira.

Pa banja la mitala, "Bambo ndi Mayi Uje" imasiya funso lakuti mayi ake ati. Tchulani dzina loyamba la mayi wobereka mwanayo, kapena la mfunda wawo monga Naphiri kapena Nabanda ngati ndi limene amadziwika nalo.

Mwana woleredwa ndi atsibweni kapena azakhali pamene makolo ali moyo, apa mpofunika kukhala pansi. Amene analipira sukulu amayembekezera kuoneka pa khadi, amene anabereka nawonso chimodzimodzi. Njira imene imagwira ndi kuyamba ndi makolo, n'kuwonjezera kuti "mogwirizana ndi Bambo ndi Mayi Uje".

Akwati achikulire, monga amene akhala m'banja zaka zambiri ndipo akukadalitsa ukwati wawo kutchalitchi, akhoza kuitana okha: "Ife, Uje ndi Ujeni, pamodzi ndi ana athu ndi abale athu, tikukuitanani." Kwa achinyamata, kudziitanira okha makolo ali pomwepo kumaoneka ngati mwano, ngakhale ndalama zonse za ukwatiwo zitachokera m'thumba mwawo.

Mawu oitanira enieniwo

Chichewa chili ndi ulemu wake wokwanira, sichisowa kubwereka. Chimene chimaononga makhadi ambiri ndi kutenga khadi lachingerezi n'kumamasulira liwu ndi liwu, mpaka kutuluka zinthu ngati "akupempha chisangalalo cha kupezeka kwanu". Palibe munthu amalankhula choncho pa khonde la mnzake. Lembani mmene nkhoswe angalankhulire atavula chipewa: "akukuitanani mwaulemu ku ukwati wa ana awo", kapena "ali okondwa kukuitanani kuti mudzakhale nawo pa ukwati wa ana awo", kapena "akukupemphani kuti mudzachitire umboni pamene ana awo akumanga banja".

Samalani ndi kachidutswa ka "-ni". "Akukuitanani" ndi ulemu. "Akukuitana" ndi mmene timalankhulira kwa mwana, ndipo zilembo ziwiri zokhazo zikagwa, khadi lonse lanyoza aliyense wolilandira. Ngati mwasiya mzere wopanda kanthu woti mudzalembepo dzina la mlendo ndi cholembera, mneni asinthe akhale "akuitana", kenako mzerewo, kenako "ku ukwati wa ana awo". Kusiya "akukuitanani" pamwamba pa mzere wa dzina kumapangitsa chiganizo kupunduka.

Mwamuna amakwatira, mkazi amakwatiwa, awiriwo amakwatirana. Wamwamuna ndi mkwati, wamkazi ndi mkwatibwi. Liwu lakuti "kukwatirana" liwerengeni kawiri pa khadi loyamba losindikizidwa ngati chitsanzo, chifukwa zilembo zapakati zikasowa limasanduka liwu lina losati n'kuwerengedwa pamaso pa apongozi. Ambiri amangolizemba polemba kuti "kumanga banja" kapena "kulowa m'banja", ndipo amachita bwino.

Nenaninso mtundu wa mwambo. Chinkhoswe si ukwati woyera, ndipo kudalitsa ukwati wakale si ukwati watsopano. Mlendo amasankha zovala, mphatso ndi ndalama za perekaniperekani malinga ndi zimene wawerenga. Ngati chinkhoswe ndi ukwati zili masiku osiyana, chilichonse chikhale ndi khadi lake. Kuika masiku awiri pa khadi limodzi kumabweretsa anthu pa tsiku lolakwika.

Mayina a akwati alembedwe mokwanira, mmene alili pa chiphaso cha unzika ndi m'buku la mpingo, mkwatibwi alembedwe ndi dzina la bambo ake, osati la mwamuna wake, poti sanakwatiwe. Mayina ofupikitsa ndi ocheza nawo asungidwe kuti alembedwe pa keke. Safunsa anadya phula: dzina lililonse mwini wake alilembe yekha pa pepala. Mayina satsata malamulo a kalembedwe, wina amalemba lake ndi "l" pamene mnzake amalemba ndi "r", wina ali ndi "h" wina alibe, ndipo wolemba sayenera kukonza dzina la munthu.

Tsiku, nthawi ndi malo

Lembani dzina la tsiku, deti, dzina la mwezi ndi chaka chonse: "Loweruka, pa 12 Seputembala 2026". Manambala okhaokha ngati 12/9/26 ndi osavuta kusokoneza, ndipo nambala imodzi ikalakwika palibe chimene chimamuchenjeza wowerenga. Dzina la tsiku ndi deti zimalonderana. Koma tsegulani kalendala muone kuti zikugwirizanadi, chifukwa osindikiza ambiri amayambira pa khadi la kasitomala wam'mbuyo n'kumasintha mayina, ndipo chaka chatha kapena tsiku lakale limatsalira pamenepo.

Nthawi ikhale ndi mbali ya tsiku: "9 koloko m'mawa", "1 koloko masana". Lembani nthawi yeniyeni imene abusa anena. Pali chizolowezi cholemba 8 koloko pamene mwambo uyamba 10, ati poti anthu amachedwa. Chimene chimachitika n'chakuti okalamba ndi alendo ochokera kutali, amene amasunga nthawi, ndiwo amakhala pa benchi maola awiri ndi njala, pamene ochedwa aja amachedwabe. Pakati pa kutchalitchi ndi madyerero siyani nthawi yokwanira ya zithunzi ndi ulendo, ndipo ngati pali chakudya cha masana kwa alendo, nenani kumene chili.

Malo alembedwe poganizira munthu amene sanafikeko. Dzina la tchalitchi lokha silikwanira, chifukwa mpingo umodzi umakhala ndi matchalitchi ang'onoang'ono ambiri m'midzi. Kulemba kuti "ku Ludzi" kapena "ku Guilleme" pamene ukwati uli ku tchalitchi laling'ono la parishiyo kumatumiza alendo ku likulu la parishi. Tchulani dzina la tchalitchilo, mudzi, ndi malo odziwika a pa msewu. Wochokera ku Lilongwe pa M12 amadziwa Waliranji ndi Kamwendo, wochokera ku Kasungu amadzera ku Kapiri. Muuzeni potsikira, mbali yokhotera, ndi mtunda wake: "Tsikirani pa Kamwendo, makilomita 6 pa msewu wafumbi, kabaza alipo." Mtundawo wina auyeze ndi galimoto kapena njinga yamoto, musaganizire. "Pafupi pomwepa" wa kumudzi amatha kukhala ola lathunthu la pansi.

Ambiri kuno tili ndi abale ku Chipata, ku Katete ndi ku Lusaka. Khadi lopita kumeneko lilembedwe "Kapiri, Mchinji, Malawi", chifukwa kwa iwo Kapiri ndi tauni ya Kapiri Mposhi ya ku Zambia. Manambala a foni ayambe ndi +265, ziro woyambirira achotsedwe. Nthawi ya pa wotchi ndi imodzi kuno, ku Zambia ndi ku Joni, pamenepo palibe chosintha.

Ndalama, zovala ndi ana

Perekaniperekani aliyense amamudziwa, safunika kulengezedwa pa khadi. Mawu onga "bwerani ndi ndalama zambiri" ndi a woyendetsa mwambo ali ndi maikolofoni m'manja, pa pepala amaoneka ngati umbombo. Ngati mukufuna kunenapo za mphatso, mzere umodzi ukwanira: "Mphatso iliyonse tidzailandira ndi manja awiri."

Kupempha thandizo lokonzekera ukwati ndi nkhani ina, ndipo ikhale pa kapepala kake kochokera ku komiti, kopita kwa abale ndi abwenzi apafupi okha. Pamenepo ndi pamene mulembe nambala ya Airtel Money kapena TNM Mpamba, pamodzi ndi dzina limene limatuluka munthu akamatumiza. Dzinalo likasiyana ndi limene lili pa kapepala, wotumiza amakayika n'kuleka. Nambala ikhale ya msungichuma wa komiti, osati ya mkwatibwi. Ndipo poti kwacha ilipo mbali zonse za malire, lembani "MK" kutsogolo kwa ndalama iliyonse imene mwatchula.

Mitundu ya zovala itchulidwe ngati pempho: "Amene angathe, mitundu ya tsikuli ndi yobiriwira ndi yoyera." Mawu akuti "amene angathe" amamasula agogo amene ali ndi chitenje chimodzi chabwino. Ngati pali nsalu ya ukwati yogulitsa, tchulani wogulitsa ndi tsiku lomaliza kuitanitsa, kuti atelala apeze nthawi.

Nkhani yoletsa ana ndi yovuta. Ukwati wa kumudzi, wa pa bwalo, sungaletse munthu, ndipo kulemba zoletsa pamenepo n'kungodzipangira adani. Ukwati wa mu holo ya mipando yowerengeka ndi umene ungafune malire. Musalembe kuti "ana saloledwa". Lembani chifukwa chake: "Chifukwa cha kuchepa kwa malo, khadi ili ndi la anthu awiri. Chonde bwerani nalo." Ndipo tsegulani khomo lina: "Nonse ndinu olandiridwa ku tchalitchi."

Zilembo za RSVP ndi chidule cha mawu achifalansa opempha yankho, koma kuno anthu amaziona ngati mutu wa manambala a foni, sayankha. Pa khadi lachichewa lembani zimene mukufunadi. Ngati ndi ofunsa njira: "Mafunso onse imbani kwa". Ngati mukufuna chiwerengero cha ophikira: "Chonde tidziwitseni pofika pa 28 Ogasiti ngati mudzabwere." Ikani manambala awiri kapena atatu, wina wa kuchimuna wina wa kuchikazi, wina wa Airtel wina wa TNM, a anthu amene adzayankhe foni pa tsikulo. Akwati ndi makolo awo sadzagwira foni. Eni manambalawo apemphedwe kaye.

Vesi

Vesi limodzi lalifupi likwanira. Odziwika ndi Genesis 2:24, Mateyu 19:6, Miyambo 18:22 ndi Mlaliki 4:9. Koperani kuchokera m'Baibulo limene mpingo wanu umawerenga, kaya Buku Lopatulika, Buku Loyera kapena Malembo Oyera, osati kuchokera m'mutu, poti mawu ake amasiyana ndipo akulu a mpingo amazindikira msanga. Nambala ya vesi itsegulidwe ndi munthu wina aone ngati ikunenadi zimenezo. Chitsanzo chodziwika ndi 1 Yohane 4:18, lonena kuti m'chikondi mulibe mantha. Nambala 1 yakutsogoloyo ikagwa, latsala ndi Yohane 4:18, pamene mayi wa ku Samariya akuuzidwa za amuna asanu amene anakhala nawo. Rute 1:16 naye amakondedwa, ngakhale mawuwo ananena ndi mkazi kwa apongozi ake aakazi, osati kwa mwamuna wake. Mabanja awiri akakhala a zipembedzo zosiyana, vesi lisiyeni.

Khadi lonse likaikidwa pamodzi limaoneka motere:

Banja la Bambo ndi Mayi Uje
a m'mudzi mwa Uje, T/A Mkanda, Mchinji
pamodzi ndi
Mayi Ujeni ndi banja lonse la malemu Bambo Ujeni
a m'mudzi mwa Ujeni, T/A Kaomba, Kasungu
akuitana mwaulemu
....................................
ku ukwati woyera wa ana awo
(dzina lonse la mkwati) ndi (dzina lonse la mkwatibwi)
Loweruka, pa 12 Seputembala 2026
Kudalitsa ukwati: 9 koloko m'mawa, ku (tchalitchi, mudzi)
Madyerero: 1 koloko masana, ku (holo kapena bwalo)
Mafunso onse imbani kwa: (mayina awiri ndi manambala awo)

Njira yofikira ndi mitundu ya zovala zipite kumbuyo kwa khadi, kutsogolo kusadzaze.

Kwa wosindikiza

Pitani ndi mawu olembedwa bwino pa pepala limodzi, losainidwa ndi ankhoswe a mbali zonse. Pepala limeneli ndi limene lidzaweruze ngati pabuka mkangano wakuti analakwitsa ndani.

Khadi la A6 ndi la masentimita 10.5 ndi 14.8, limatuluka anayi pa pepala limodzi la A4 ndipo limalowa mu envelopu ya C6. La A5 ndi la masentimita 14.8 ndi 21, limatuluka awiri pa A4, envelopu yake ndi C5. Gulani maenvelopu kaye musanasankhe kukula kwa khadi, chifukwa pa Boma saizi zina sizipezeka, ndipo khadi lopinda mokakamiza limaoneka ngati lisiti. Pepala la 250 mpaka 300 gsm (muyeso wa kulemera kwa pepala) limaima lokha osapindika, lopyapyala kuposa pamenepo limafota m'thumba. Funsani ngati makinawo ndi a inki yamadzi kapena a leza: inki yamadzi imasungunuka ikakhudzidwa ndi thukuta kapena dontho la mvula.

Zilembo zopotanapotana zikhale pa mayina a akwati okha. Tsiku, nthawi, malo ndi manambala zilembedwe ndi zilembo zoongoka, zosachepera saizi 11. Golide pa pepala loyera, kapena zofiira pa zakuda, amaoneka bwino pa kompyuta koma agogo sangaziwerenge madzulo pa tochi. Chilembo cha ŵ sichipezeka m'mitundu yambiri ya zilembo zokongoletsa, m'malo mwake mumatuluka kabokosi, choncho ngati dzina la munthu lili nacho, chiyang'aneni pa pepala losindikizidwa. Chimodzimodzi kachizindikiro ka mu "m'mudzi" kapena mu dzina ngati Ng'oma, kamene kompyuta imakonda kukachotsa kapena kukatembenuza.

Sindikizani khadi limodzi lokha poyamba. Aliwerenge anthu atatu: nkhoswe wa kuchimuna, nkhoswe wa kuchikazi, ndi munthu wina amene sali mu komiti. Wachitatuyu ndi wofunika kwambiri, chifukwa amene akudziwa kale zimene ziyenera kukhalapo amawerenga za m'mutu mwake. Awerenge mokweza, mzere ndi mzere, ndipo nambala iliyonse ya foni iimbidwe pomwepo, muone amene ayankhe.

Powerengera kuchuluka, werengani makomo, osati mitu. Khadi limodzi ndi la nyumba imodzi. Pa makhadi 10 aliwonse onjezerani limodzi, la oiwalika ndi la amene dzina lawo lidzalakwike polemba. Kubwereranso kukasindikiza 15 okha kumadula, ndipo mtundu wake sufanana ndi woyamba. Perekani ntchitoyo masabata asanu ndi atatu ukwati usanachitike, kuti magetsi akazima masiku angapo musagwire njakata.

Envelopu ndi kagawidwe

Dzina la pa envelopu lilembedwe ndi dzanja, ndi munthu mmodzi wa dzanja labwino, ndi ulemu wake wa mwini dzina: "Bambo ndi Mayi Uje", "Abusa ndi Mayi Busa Uje", "Shehe Uje", "Mfumu Uje", "Gulupu Uje", ndipo kwa mafumu achingoni "Inkosi". Mukalemba kuti "ndi banja lonse" mwaitana nyumba yonse, ndi alendo amene ali pakhomopo omwe, ndiye muwerengere mbale moyenera. Mayi wamasiye alembedwe "Mayi Uje". Kumulembera "Bambo ndi Mayi" chifukwa chokopera mndandanda wakale ndi kutosa bala.

Pali anthu amene khadi silingawaitane: mfumu ya mudzi, atsibweni, azakhali, agogo, abusa. Amenewa amauzidwa pakamwa, pakhomo pawo, ndi munthu wamkulu wotumidwa ndi banja, khadi n'kuperekedwa ndi manja awiri nkhani itakambidwa kale. Kuwatumizira kudzera kwa mwana wa sukulu, kapena kuti amve kwa anansi kuti makhadi atuluka, n'chimodzimodzi kusawaitana. Gawani kwa iwo poyamba, kenako ena onse, masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi tsiku lisanafike. Abale a ku Joni ndi ena ofunika kupempha tchuthi auzidwe tsiku miyezi itatu isanakwane, khadi lidzawapeza pambuyo. Mlembi wa komiti akhale ndi kope la mayina, achonge aliyense amene walandira ndi dzina la amene anakapereka. Makhadi ambiri osafika amapezeka m'chikwama cha wotumidwa ukwati utatha.

Pa WhatsApp ndi pa SMS

Chithunzi cha khadi chikatumizidwa pa WhatsApp chimachepetsedwa, ndipo zilembo zing'onozing'ono zimafufutika. Wina alibe bandulo yotsitsira chithunzi. Choncho pansi pa chithunzicho lembaninso ndi mawu tsiku, nthawi ndi malo. Yambani ndi moni ndi dzina la munthuyo, musangoponya chithunzi chopanda liwu. Dziwaninso kuti khadi loikidwa pa gulu kapena pa Facebook laitana aliyense woliona. Ngati malo ndi ochepa, konzani lina lopanda dzina la holo loti liziyenda poyera.

Kwa a mafoni a mabatani, SMS imodzi imatenga zilembo 160, kuwerengera ndi mipata yomwe. Mukaikamo ŵ kapena kachithunzi ka mtima, malirewo amatsika kufika pa 70 ndipo uthenga umaduka pawiri kapena patatu. Uthenga ngati uwu umakwana: "Banja la a Uje ndi la a Ujeni akukuitanani ku ukwati wa ana awo Loweruka pa 12 Seputembala, 9 koloko m'mawa, ku tchalitchi cha Uje, Mkanda."

Zinthu zikasintha makhadi atagawidwa

Maliro sapangana ndi munthu. Zikagwa m'banja, ankhoswe a mbali zonse ndiwo agamule ngati ukwati upitirire kapena uimitsidwe, ndipo uthenga utuluke umodzi, m'dzina la mabanja omwe aja anaitana: "Banja la a Uje ndi banja la a Ujeni akudziwitsa onse amene anaitanidwa kuti, chifukwa cha zovuta zimene zagwa m'banja, ukwati wa ana awo umene unayenera kuchitika Loweruka pa 12 Seputembala wayamba waima. Tsiku lina tidzakudziwitsani." Musatchule tsiku latsopano mpingo ndi mwini holo asanavomere. Uthengawu upite m'njira zonse zimene khadi linadzera: ulengezedwe kutchalitchi, utumizidwe pa foni, ndipo akuluakulu aja apitiridwenso pakhomo. Apa ndi pamene kope la mlembi limagwira ntchito, kuyambira ndi a kutali amene mwina agula kale matikiti a basi.

Kukasintha holo yokha kapena nthawi yokha, makhadi amene sanagawidwe musawakonze ndi cholembera. Sindikizani timapepala ting'onoting'ono ta mawu atsopano, timatidwe bwino pamwamba pa mzere wakalewo. Pa tsiku la ukwati ikani mnyamata mmodzi pa malo akale aja kuyambira m'mawa, ali ndi foni ya moto wokwanira, aziloza alendo kumene mwambo wasamukira.